MITENGO IWIRI YA LIVINGSTONE

Anyamata amati cikondi ndi moto wosazima, ngakhale pa mvula. Akulu amati ndi munda wofuna kupalira. Kuti tiweruze mlandu umenewu, tiyeni tione mbiri ya Dr. David Livingstone ndi mkazi wace Mary, mwana wa Robert Moffat.

M'caka ca 1844 Livingstone analumidwa ndi mkango ku Mabotsa, napita ku Kuruman bala lisanapole. Komweko, patsinde pa mtengo wa zipatso, anafunsira Mary mbeta, ndipo anakwatirana mu Januwale 1845. Masiku amenewo mwamunayo anayesa kuti anthu okondana sangalephere kanthu. Cifukwa cace anatenga mkazi ndi ana ang'ono pa ngolo kudutsa cipululu ca Kalahari kawiri, mu 1850 ndi 1851, Mary ali ndi pakati maulendo onse awiri. Atabwera ulendo woyamba, khanda lao Elizabeth linamwalira ku Kolobeng, ndipo mpongozi wace anamlembera kalata yomdzudzula.

Mu 1852 anatumiza banja lace ku Britain, iye natsala kufunafuna njira zolowera m'kati mwa Afrika. Anaonananso mu Disembala 1856, zitapita zaka zinai ndi theka, zimene Mary anakhala m'umphawi pakati pa alendo. Dziko lonse linatama mwamunayo, koma misozi ya mkaziyo anaiwerenga ndani?

Kuciyambi kwa 1862 Mary anamtsata ku mtsinje wa Zambezi. Anakhala pamodzi miyezi itatu yokha. Malungo anamgwira, namwalira ku Shupanga pa 27 Epulo, ali ndi zaka 41. Anamuika patsinde pa mlambe waukuru. Pamenepo munthu uja wosaopa mkango kapena cipululu analira ngati mwana. Analemba kuti anamkonda pomkwatira, koma cikondico cinakula monga zaka zinacuruka. Ndiponso kuti tsopano, nthawi yoyamba m'moyo wace, anali wolola kufa.

Taonani, abale, kusiyana kwa mitengo iwiriyi. Pa mtengo woyamba cikondi cinali kulonjeza, ndi kuyesa kuti nthawi ikalipo yambiri. Pa waciwiri cinali kuwerenga masiku otayika. Sitinyoza nchito yaikuru ya Livingstone, pakuti zipatso zace tirikudya ife. Koma inu anyamata amene musiya akazi anu m'mudzi zaka zambiri, kumbukirani mlambe wa ku Shupanga. Mau a akulu akoma akagonera. Koma wodala iye amene awamva mkazi wace akali moyo.