Mchenga Umene Unalekanitsa Mbuna

Asodzi a Chitonga a ku Nkhata Bay ndiwo anapereka dzina loti mbuna kwa tinsomba ta mawangamawanga timene timakhala m'miyala ya m'mphepete mwa Nyanja ya Malawi. Akatswiri a ku Ulaya anazidziwa mochedwa nsomba za m'nyanjayi. John Kirk, amene anayenda ndi David Livingstone, anatola zina mwa izo, ndipo Albert Günther anazifotokoza ku London mu 1864. Lero n'zodziwika kuti nyanjayi ili ndi mitundu yoposa 700 ya banja la chambo ndi mbuna, ndipo pafupifupi yonseyo sipezeka kwina kulikonse.

Kodi mitundu yochuluka chotere inabadwa bwanji m'nyanja imodzi? Geoffrey Fryer, amene anafufuza ku Nkhata Bay, anapereka yankho mu 1959. Mbuna imadya ndere za pamiyala ndipo sitalikira kwawo. Yaikazi imafungatira mazira m'kamwa, choncho ana satengedwa ndi mafunde. Kwa nsomba yotereyi, mchenga kapena madzi akuya a pakati pa miyala ali ngati phiri losakwereka. Magulu olekanitsidwawo amasintha pang'onopang'ono, makamaka mawanga a zazimuna, mpaka zazikazi zimaleka kulabadira amuna a gulu lina. Mu 1983, Anthony Ribbink ndi anzake a ku Grahamstown anaonetsa kuti mitundu yambiri imapezeka pa chilumba chimodzi chokha.

Malirewo akhala akusuntha. Matope amene anakumbidwa pansi pa nyanja mu 2005 anaulula kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo, chilala chinatsitsa madzi ndi mamita mazanamazana. Pamene madziwo ankabwerera, mapiri anasanduka zilumba, ndipo mbuna zinapeza midzi yatsopano yotalikirana.

Koma chimene chilengedwe chinalekanitsa, munthu angachisokoneze msanga. M'zaka za m'ma 1960, nsomba ya Cynotilapia afra yochokera kumpoto inatayidwa pa chilumba cha Thumbi West ku Cape Maclear, ndipo pambuyo pake inapezeka ikuswana ndi mbuna za pamalopo. Boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Komabe lamulo silingaletse matope a m'mapiri opanda mitengo kukwirira miyala ndi kudetsa madzi. Mwala umodzi ukakwiririka, mtundu wonse umene unakulira pamenepo ungathe kutheratu.