Maina m'Chijeremani: zoyenera kudziwa wophunzira wolankhula Chinyanja

Alendo olankhula Chijeremani ali m'gulu la anthu amene amafika ku Mfuwe, m'boma la Mambwe, kudzaona nyama mu South Luangwa National Park. Wophunzira wa ku sekondale amene afuna kudziwa chinenero chawo amayamba wapunthwa pa maina, komatu wolankhula Chinyanja ali ndi poyambira pabwino kuposa Mngelezi.

Dzina lililonse m'Chijeremani limayamba ndi chilembo chachikulu, ngakhale likhale pakati pa chiganizo. Lililonsenso lili m'gulu limodzi mwa magulu atatu, odziwika ndi timawu ta der, die ndi das. Mkango ndi der Löwe, nyamalikiti ndi die Giraffe, pamene ng'ona ndi das Krokodil. Mabuku amati maguluwa ndi lachimuna, lachikazi ndi losakhala mbali, koma mawuwa amasocheretsa, pakuti nyamalikiti yamphongo ndi die Giraffe basi.

Izi si zachilendo kwa munthu amene amanena kuti mkango wagona, mvuu yagona, chipembere chagona, popanda kufunsa chifukwa. Kufananaku kunakopa akatswiri a ku Germany kalekale. Wilhelm Bleek analemba za magulu a maina m'zinenero za mu Africa m'chaka cha 1851, ndipo manambala amene iye anapatsa magulu a maina a zinenero za Bantu anawonjezeredwa ndi Carl Meinhof. Kusiyana n'kwakuti Chinyanja kawirikawiri chimaonetsa gulu kumayambiriro kwa dzina, pamene m'Chijeremani dzina liyenera kulowezedwa pamodzi ndi kamawu kake.

Mathero a dzina amathandizako. Maina othera ndi -ung, -heit ndi -keit ndi a die. Othera ndi -chen yochepsa ndi a das, ndipo ntchito yake ndi yonga ya ka- m'mawu oti kamwana. N'chifukwa chake mtsikana ndi das Mädchen. Maina awiri akalumikizana, lomalizira ndilo lilamula: Fluss ndi mtsinje, das Pferd ndi kavalo, choncho mvuu ndi das Flusspferd.

Povuta kwenikweni ndi pakuti timawuti timasintha malinga ndi ntchito ya dzina m'chiganizo, ndipo ntchitozo zilipo zinayi: Nominativ, Akkusativ, Dativ ndi Genitiv. Mkango ukakhala mwininkhani ndi der Löwe. Ukakhala pamtherankhani umasanduka den Löwen, ukapatsidwa kanthu dem Löwen, ndipo pa umwini des Löwen. Wophunzira akasinthanitsa der ndi den m'chiganizo chonena za mkango ndi mlenje, ndiye kuti wasinthanitsanso wopha ndi wophedwa.

Pochulukitsa, magulu onse atatu amatenga die dzina likakhala mwininkhani kapena pamtherankhani, koma dzinalo limasintha mosiyanasiyana: die Löwen, die Krokodile, die Zebras.