Nkhope za mafumu m'chitini changa ku Ndirande

Anthu otolera ndalama zakale ku Ulaya amalimbirana kandalama kagolide kotchedwa solidus, kamene mfumu Constantine anayambitsa cha m'ma 312. Kulemera kwake ndi magalamu 4.5 basi, koma kanayenda m'manja mwa anthu kwa zaka mazanamazana. Chimene chimandikoka mtima pa ndalamazi si golideyo ayi, koma nkhope. Heraclius, amene analamulira ku Constantinople kuyambira 610 mpaka 641, amakula ukumuona: pa ndalama zoyamba ndevu zake n'zazifupi, pa zapambuyo zafika pachifuwa, ndipo pambali pake paima ana ake, kuti aliyense wogwira ndalamayo adziwiretu wodzalowa ufumu.

Ine golide ndilibe. Ndili ndi chitini cha makobidi amene ndatolera kwa achikulire a kuno ku Ndirande ndi ku Chilomoni, ndipo ndimawawerenga mofanana.

Makolo athu sanayambe ndi ndalama zachitsulo. A ku Mandala poyamba ankalipira antchito ndi nsalu. Msonkho wa nyumba, umene atsamunda anabweretsa m'zaka za m'ma 1890, ndiwo unachititsa munthu kusiya munda n'kukasaka masheleni okhala ndi mutu wa Mfumukazi Victoria, mayi amene sanapondepo dziko lino.

Za nthawi ya Chitaganya ndizo ndili nazo zambiri. Zinayamba kutuluka mu 1955. Khobidi lake linali lobowola pakati, njovu ziwiri zitaima uku ndi uku, choncho nkhope ya Mfumukazi Elizabeth inalibe pokhala. Panangolembedwa dzina lake. Pa tiki, sikisi ndi sheleni mpamene mutu wake unaoneka bwino. Mukatembenuza tiki mupeza duwa limene azungu a ku Southern Rhodesia ankanyadira ngati chizindikiro chawo. Chimenechi chimandipwetekabe: wa ku Bangwe ankagula mchere ndi ndalama yonena poyera kuti eni Chitaganya ali ku Salisbury.

Mu 1964 pa ndalama panabwera nkhope ya Kamuzu. Kuseri kwa sikisi kunali tambala, kwa sheleni chimanga chomangidwa pamodzi, kwa masheleni awiri njovu ndi mwana wake. Ganizirani mayi wogulitsa masamba pamsika wa Ndirande akulandira koyamba ndalama yokhala ndi nkhope ya munthu wakuda, kuseri kwake kuli chakudya cha m'nkhokwe mwake. Sindikayika kuti ambiri anaitembenuza kawiri asanaimange pansonga ya chitenje. Kwacha ndi tambala zitalowa mu 1971, paundi imodzi n'kusanduka K2, chimanga chinasamukira pa 10 tambala, njovu pa 20 tambala, koma mutu unakhala womwewo. Ndikayala ndalama zake patebulo motsata zaka, ndimaona kusiyana kwake ndi Heraclius. Kamuzu sakalamba, ndipo pambali pake sipaima wolowa m'malo. Mu 1971 momwemo ndimo anakhala Pulezidenti Wamuyaya.

Bakili Muluzi atapambana chisankho cha 1994, nkhope yake nayo inalowa pa ndalama, koma sinakhalitse. Ndalama zachitsulo za K1, K5 ndi K10 zimene Reserve Bank inatulutsa mu 2012 zili ndi chizindikiro cha dziko, zopanda mutu wa munthu aliyense. Ndimakondwera nazo chifukwa cha chimenecho, ngakhale kuti lero kondakitala wa minibasi ya ku Machinjiri mukamupatsa amakubwezerani.