Ma hipster, salaula ndi malekodi a agogo

Liwu lakuti hipster lafika m'makomboni mwathu kudzera pa foni. Achinyamata a ku Maramba amalipeza pa Instagram ndi TikTok, pansi pa chithunzi cha mnyamata wa ndevu zopesa bwino, magalasi a mafelemu okhuthala ndi jekete yooneka ngati ya agogo ake. Ambiri amaganiza kuti ndi fashoni ya azungu basi. Koma liwuli lili ndi mbiri yaitali, ndipo mbiriyo imadutsa muno mu Zambia.

Linabadwira ku America, pakati pa anthu akuda oimba jazi. M'chilankhulo chawo cha mumsewu, munthu wa hep kapena hip anali wochangamuka, wodziwa zimene zikuchitika anzake asanamve. Mu 1938 woimba Cab Calloway anatulutsa kabuku ka mawu a oimba a ku Harlem kotchedwa Hepster's Dictionary. M'zaka za m'ma 1940 kunabwera jazi yatsopano yotchedwa bebop, ya Charlie Parker ndi Dizzy Gillespie. Anyamata achizungu anayamba kutengera zonse: kayankhulidwe, kayendedwe, chipewa, magalasi ndi kandevu ka Gillespie. Mu 1957 mlembi Norman Mailer analemba za anyamata oterewa m'nkhani yake ya The White Negro. Choncho kuyambira kalekale, hipster anali munthu wobwereka kwa anthu amene dziko linkawaona ngati otsika.

Liwuli linazimirira, n'kudzatulukanso cha m'ma 2000 m'madera ngati Williamsburg ku New York ndi Shoreditch ku London. Hipster watsopanoyu amadziwika ndi zinthu zitatu. Choyamba, amakana zimene aliyense akugula m'masitolo aakulu. Chachiwiri, amakonda zakale: malekodi, kamera ya filimu, njinga yopanda magiya, zovala zovalidwa kale. Chachitatu, amanyadira kudziwa msanga. Gulu loimba amalikonda pamene ena sanalimve, ndipo likatchuka amalisiya. Pali chachinayi chimene iye mwini satchula, chomwe ndi ndalama. Amasamukira kudera la osauka chifukwa lendi ndi yotsika, amatsegulako malo omwera khofi, lendi imakwera, ndipo eni dera amasamuka.

Nanga kwathu kuno? Kulankhula ndi zovala si kwachilendo. Bungwe la Rhodes-Livingstone Institute, lomwe linayambira muno mu Livingstone kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, linasindikiza mu 1956 kafukufuku wa J. Clyde Mitchell wa gule wa Kalela ku Luanshya. Ovinawo anali anyamata achibisa ogwira ntchito zotsika, koma Lamlungu ankatulukira atavala mathalauza ositidwa bwino, nsapato zopolishidwa, mpango m'manja. Iwo sankafuna zakale ngati hipster wa lero. Ankafuna kuuza bwana ndi mnansi yemwe kuti tauni amaidziwa.

Amene anafika pafupi kwambiri ndi tanthauzo loyamba la hip anali anyamata a Zamrock a m'zaka za m'ma 1970. Anamvera Jimi Hendrix, James Brown ndi The Rolling Stones, n'kusakaniza gitala yolira mokalipa ndi kamvekedwe ka ng'oma za kwathu. Rikki Ililonga ndi anzake anatcha gulu lawo Musi-O-Tunya, dzina la mathithi athu omwewa. Panalinso WITCH ya Emmanuel "Jagari" Chanda, Amanaz imene inatulutsa chimbale cha Africa mu 1975, ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi. Ankasunga tsitsi la afro, kuvala mabelubotomu ndi nsapato zazitali zidendene. Pulezidenti Kenneth Kaunda atalamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za mu Zambia, magulu amenewa anapeza bwalo lalikulu.

Sizinakhalitse. Mtengo wa kopa unagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, anthu anasowa ndalama zogulira malekodi, ndipo malamulo oletsa kuyenda usiku anapha madansi. M'zaka za m'ma 1980 Edzi inatenga oimba ambiri. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Jagari anakathera kumigodi ya miyala yamtengo wapatali, ndipo malekodi anaiwalika m'masutikesi pansi pa bedi.

Kenaka inabwera nthawi ya salaula. Boma la Frederick Chiluba litatsegula malonda pambuyo pa 1991, mabelo a zovala zovalidwa kale anasefukira m'misika, ndipo mafakitale ambiri osoka zovala a muno mu Livingstone anatsekedwa. Liwu lakuti salaula ndi la Chibemba, ndipo limatanthauza kusankha pofukula mulu. Anzathu a ku Malawi amati kaunjika. Karen Tranberg Hansen, m'buku lake la Salaula la mu 2000, anaonetsa kuti ogula sankangotola chilichonse. Ankasankha mosamala, n'kupita nacho kwa telala kuti achikonze chikhale chawochawo. Apa ndiye pali kusiyana. Hipster wa ku London amavala jekete yakale chifukwa watopa ndi zatsopano. Mayi wa pamsika wa Maramba anaigula chifukwa bambo kunyumba anachotsedwa ntchito. Diso losankha ndi limodzimodzi, koma wina amalitcha fashoni, wina umphawi.

Zakale zathu zinapeza ogula kunja. Kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles inayamba kusindikizanso nyimbo za Zamrock, ndipo mu 2017 inatulutsa zimbale za Welcome to Zamrock! Mu 2019 kunatuluka filimu yonena za WITCH. Jagari anabwerera pa siteji ku Ulaya ndi ku America, ndipo mu 2023 gululi linatulutsa chimbale chatsopano cha Zango. Mu 2024 Tyler, the Creator anaika mawu a Ngozi Family mu nyimbo yake ya Noid. Tiyenera kuthokoza, pakuti popanda osonkhanitsa malekodi akunjawo zambiri zikanatayika. Koma n'zowawa kuti ana ambiri a m'makalasi athu anamva Paul Ngozi koyamba kudzera mwa woimba wa ku California.

Inu achinyamata, valani zimene mukufuna, sungani ndevu ngati zikumera. Koma ngati kukhala hip ndi kudziwa ena asanadziwe, musadikire kuti Brooklyn ikuuzeni chimene chili chabwino ku Maramba. Wotengera za wotengera amakhala womaliza pamzere. Pitani kwa agogo akadali moyo, muwafunse kumene ankavina, telala amene ankawasokera, ndi nyimbo imene inkawaimitsa pampando. Mukapeza lekodi m'sutikesi, muimvere kaye musanafunse mtengo wake.