Ngwazi za M'mabuku a Makatuni: Kuchokera kwa Nabil Fawzi Kufika pa The 99

Mwana wa Mmalawi amene akukulira kuno ku Doha amayamba kudziwa Spider-Man asanamve n'komwe za Kalulu. Akalowa m'sitolo ya mabuku ku Villaggio, msika waukulu uja wa ku Al Waab umene udatsegulidwa m'chaka cha 2006, maso ake amathamangira ku mabuku a makatuni a ngwazi zouluka m'mlengalenga ndi a nthano zopeka za sayansi. Makolo ambiri timangolipira, poganiza kuti n'zachibwana chabe. Komatu mabukuwa ali ndi mbiri yaitali, ndipo mbiriyo ikutiphunzitsa kuti poliunika buku lotere, funso loyamba likhale lakuti: kodi ngwaziyi adaipanga ndani, nanga ikumenyera yani nkhondo?

Gwero la mabuku amenewa lili ku America. M'chaka cha 1938, anyamata awiri a mumzinda wa Cleveland, Jerry Siegel ndi Joe Shuster, adatulutsa Superman m'buku loyamba la Action Comics, ndipo umwini wa ngwaziyo adaugulitsa pa madola 130 okha. Onse awiri adali ana a Ayuda obwera kuchokera ku Ulaya, kotero n'zosadabwitsa kuti ngwazi yawo idali mlendo wochokera kutali, wokhala pakati pa anthu a eni, wobisa dzina lake lenileni. Ife okhala kunja kwa dziko lathu nkhani yotereyi sitifunika wotimasulira.

Superman adafika m'maiko a Aluya kudzera ku Beirut, kumene adayamba kusindikizidwa m'Chiarabu m'chaka cha 1964. Omasulira adaona kuti dzina lakuti Clark Kent silingakhale bwino pa lilime la mwana wa ku Lebanon, choncho adamutcha Nabil Fawzi. Dzina lidasintha, chilankhulo chidasintha, koma nkhope, zovala ndi misewu ya m'zithunzi zidakhalabe za ku America. Pambuyo pake kudabwera Grendizer, chimakina chankhondo cha m'nthano ya sayansi ya Go Nagai wa ku Japan ya m'chaka cha 1975, chimene chitamasuliridwa m'Chiarabu pa wailesi ya kanema chidatenga mitima ya ana kuno ku Gulf. Ambiri mwa anzathu a Chiarabu amene timagwira nawo ntchito lero adakula ndi nthano zimenezi. Mu 1979 ku Abu Dhabi kudayamba kutuluka magazini ya ana yotchedwa Majid, imene idapatsa mwana wa m'dera lino zithunzi za anthu ofanana naye.

Kwathu ku Africa njira idali yofananako. Black Panther, mfumu ya dziko lopeka la Wakanda, adapangidwa mu 1966 ku New York ndi Stan Lee ndi Jack Kirby. Pakati pa 1968 ndi 1972, kampani ya Drum inkatulutsa magazini ya African Film, momwe munali Lance Spearman, wofufuza milandu wovala suti ndi chipewa, amene nthano zake zinkafotokozedwa ndi zithunzi za kamera. Ku Nigeria, mu 1975, kudatuluka Powerman, koma omujambula adali Angerezi, Dave Gibbons ndi Brian Bolland.

Phunziro lowawa koposa lidachokera ku South Africa, dziko limene azigogo athu ambiri adakagwirako ntchito m'migodi. M'chaka chomwecho cha 1975 kudatuluka Mighty Man, ngwazi yakuda yokhala m'dera lofanana ndi Soweto. Poyang'ana pachikuto, munthu akadati anthu akuda apeza wowateteza. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mighty Man ankalimbana ndi mbava ndi zigawenga za m'makwalala, ndipo ankaphunzitsa kumvera malamulo, koma sadatambasulepo chala kuloza malamulo a tsankho amene ankapondereza owerenga ake. Pambuyo pake zidadziwika kuti ndalama zoyendetsera bukulo zinkachokera mwamseri ku boma la tsankho lomwelo. Ana a sukulu a ku Soweto ataukira boma mu June 1976, Mighty Man sadakhalitsenso.

Tibwerere kuno ku Gulf. M'chaka cha 2006, chaka chomwe Doha idachititsa masewero a Asian Games pa bwalo la Khalifa, katswiri wa zamaganizo wa ku Kuwait, Naif Al-Mutawa, adatulutsa buku la The 99 kudzera ku kampani yake ya Teshkeel. Nthanoyi idamangidwa pa mbiri yeniyeni: mu 1258 asilikali a Chimongolia adawononga mzinda wa Baghdad pamodzi ndi nyumba zake za mabuku. Al-Mutawa adapeka kuti nzeru za m'mabuku aja zidasungidwa m'miyala 99, imene idamwazikana pa dziko lonse, ndipo wachinyamata aliyense wotola mwala woyenerana naye amalandira mphamvu yogwirizana ndi limodzi mwa maina 99 a Mulungu m'Chisilamu. Kotero mudali Jabbar wa ku Saudi Arabia, mwini nyonga, ndi Noora wa ku United Arab Emirates, mwini kuwala, pamodzi ndi ena a m'maiko osiyanasiyana.

Bukuli lidatchuka msanga. Mu 2009 ku Kuwait kudatsegulidwa paki ya masewero a ana ya dzina lomwelo. Mu 2010 Pulezidenti Barack Obama adamuyamikira Al-Mutawa pa msonkhano ku Washington, ndipo chaka chomwecho kampani ya DC idayamba kutulutsa mabuku asanu ndi limodzi momwe ngwazi za The 99 zidakumana ndi Superman ndi Batman. Koma mphepo idaomba kuchokera mbali ziwiri. Ku America olemba nkhani ena adati nthanoyi ndi nyambo yokopera ana ku Chisilamu, ndipo wailesi ya kanema imene idakonza zoonetsa makatuni ake idabwerera m'mbuyo. Ku Saudi Arabia, mu 2014, akuluakulu a chipembedzo adagamula kuti nthanoyi njosaloledwa chifukwa ikupereka maina a Mulungu kwa anthu.

Tikaliunika bukuli mosakondera, ubwino wake waukulu ndi wakuti mphamvu ya ngwazi zake ikuchokera ku nzeru za m'mabuku, komanso kuti palibe ngwazi imene imapambana yokha, popeza zimagwira ntchito zitatuzitatu, monga mafuwa atatu osenza mphika umodzi. Kufooka kwake nkwakuti ambiri mwa olemba ndi ojambula, monga Fabian Nicieza, adali akatswiri a ku Marvel ndi DC, kotero kayendedwe ka nthano ndi kajambulidwe zidatsatira chikombole cha ku America. Ngakhale zili choncho, kuchoka kwa Nabil Fawzi, mlendo wopatsidwa dzina la kumudzi, kufika kwa Jabbar ndi Noora, ndi ulendo wa zaka 42 umene sitingaupeputse.

Mbiri imeneyi ikutisiyira mafunso oti tizifunsa tisanatulutse ndalama m'thumba. Kodi bukuli lalembedwa ndi yani, ndipo walipira ndani? Kodi mdani m'nthanoyi ndi wotani, ndipo nkhope yake ikufanana ndi ya mtundu uti wa anthu? Kodi mphamvu ya ngwazi ikuchokera ku nkhonya yokha kapena ku nzeru ndi kugwirizana? Nanga zithunzi zikufotokoza nkhani pazokha, kapena zangodzaza tsamba? Makamaka m'nthano za sayansi, zimene zimajambula dziko la m'tsogolo, tiyenera kuyang'ana ngati m'tsogolomo muli anthu onga ife, komanso ntchito imene apatsidwa.

Nanga kwathu tili pati? Luso lojambula nthano si lachilendo ku Malawi, pakuti amene adakula akuwerenga Malawi News akukumbukira Pewani wa malemu Brian Hara. Pa nthano za sayansi, Shadreck Chikoti adatulutsa buku la Azotus the Kingdom mu 2015, lonena za Africa wa zaka 500 zikubwerazo, ngakhale kuti ndi nthano ya mawu okhaokha, ya m'Chingerezi. Anansi athu a ku Zambia adatitsogolera mu 2023, pamene Netflix idaonetsa Supa Team 4 ya Malenga Mulendema, nthano ya atsikana anayi opulumutsa mzinda wa Lusaka wa m'tsogolo. Zopangira tili nazo zambiri: Mbona wa ku Khulubvi ku Nsanje, Napolo wa m'mapiri a Zomba ndi Mulanje, ngakhalenso William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene adapanga makina a magetsi oyendera mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa.

Akuluakulu adati kuongola mtengo mpoyamba. Sitikunena kuti tiwalande ana athu mabukuwa, chifukwa ambiri a iwo ndi pomwe adayambira kukonda kuwerenga. Tikupempha kuti tiziwerenga nawo limodzi, tiziwafunsa mafunso aja, ndipo amene ali ndi mwana wa dzanja laluso amugulire mapepala ndi mapensulo, amufotokozere nthano ya Mbona m'Chichewa, kenako amusiye aijambule monga momwe iye akuionera.