Kuthandiza mwana wosinkhuka kupeza anzake mukasamukira mumzinda wina

Banja likasamuka, kaya kuchoka ku Mzimba kupita ku Lilongwe, ku Chipata kupita ku Lusaka, kapena ku Blantyre kupita ku Johannesburg, akuluakulu amatanganidwa ndi lendi, ntchito ndiponso malo a sukulu. Mwana wanu wa zaka zapakati pa 11 ndi 14 amakhala ndi nkhawa yakeyake, imene mwina sangaitchule: kodi adzakhala ndi ndani pa nthawi yopuma kusukulu?

Nkhawa imeneyi si yachibwana. Pa msinkhu umenewu mwana amayamba kudziyesa poona mmene anzake akumuonera, ndipo kusungulumwa kukatenga nthawi kumatha kusokoneza tulo, kadyedwe ndi maphunziro. Simungamusankhire bwenzi, ndipo mukayesa kutero nthawi zambiri amakana. Chimene chili m'manja mwanu ndi kumupezera malo ndi nthawi yoti azikumana ndi ana omwewo mobwerezabwereza.

Ubwenzi umadya maola

Mu 2018, Jeffrey Hall wa pa yunivesite ya Kansas ku America anafalitsa zotsatira za kafukufuku wake pa nkhaniyi. Anapeza kuti pamafunika maola pafupifupi 50 kuti munthu wongodziwana naye asanduke wocheza naye, maola pafupifupi 90 kuti akhale bwenzi, ndi maola oposa 200 kuti akhale bwenzi lapamtima. Anapezanso kuti maola ocheza ndi kusewera amathandiza kwambiri kuposa maola ongokhala limodzi pa ntchito kapena m'kalasi. Amene anafunsidwa anali akuluakulu osamuka kumene ndi ophunzira a chaka choyamba ku yunivesite, koma mfundo yake ndi yothandiza kwa kholo: mwana amene watha mwezi umodzi wopanda mnzake sanalephere, maola ndiwo sanakwane.

Choncho sankhani naye chinthu chimodzi chochitika mlungu uliwonse, chokhala ndi ana omwewo: timu ya mpira wamiyendo kapena wamanja, kwaya, gulu la zisudzo, gulu la achinyamata kutchalitchi, madrasa. Chikhale chimene iye amakonda, osati chimene inu munkakonda. Pangananani kuti apite kasanu kapena kasanu ndi kamodzi asanaweruze, pakuti tsiku loyamba limakhala lowawa kwa aliyense. Mwana wamanyazi amamasuka msanga pamene manja ali ndi chochita, chifukwa safunikira kusaka nkhani.

Apa m'pamene makolo ambiri amatsekereza mwana osadziwa. Kumudzi ana amakumana okha pabwalo, kumjigo ndi panjira. M'tauni muli mipanda, mageti ndi mantha, ndipo mwana wamkulu, makamaka mtsikana, amauzidwa kuti akaweruka athamangire kunyumba kukalera azing'ono ake ndi kuphika. Ntchito zapakhomo n'zofunika, koma mwana wopanda masana ngakhale amodzi akeake pa mlungu sangapeze mnzake. M'patseni masana amenewo, ndipo konzeranitu za ulendo wake wobwerera kunyumba kusanade.

Akatchula dzina la mwana wina kawiri kapena katatu, m'loleni amuitanire kunyumba. Mmodzi ndi wokwanira. Akhale ndi chochita, monga kuonera mpira, kukazinga mandasi kapena kulemba ntchito ya kusukulu. Inu mulonjereni mlendoyo, kenako muwasiye. Yesetsaninso kudziwana ndi makolo ake. Ngati mwana wanu akuchita manyazi ndi kuchepa kwa nyumba, musamukalipire. Malo ena ngati bwalo la masewera angachite.

Sukulu ndi chinenero

Kaonaneni ndi mphunzitsi wa kalasi yake m'milungu yoyambirira, ndipo pemphani kuti pakhale wophunzira wina womuonetsa malo. Ngati muli ndi mwayi wosankha nthawi yosamuka, kumbukirani kuti chaka cha sukulu ku Malawi chimayamba mu Seputembala, pamene ku Zambia, Zimbabwe ndi South Africa chimayamba mu Januwale. Kulowa Fomu 1 ku Malawi kapena Giredi 8 ku South Africa pamodzi ndi ena n'kopepukirapo, popeza ambiri amakhala achilendo.

Chinenero cha pabwalo la masewera sichikhala chofanana nthawi zonse ndi cha m'kalasi. Ku Mzuzu ndi Chitumbuka, ku Harare Chishona, ku Johannesburg kawirikawiri Chizulu kapena Chisutu. Moni ndi mawu ochepa a masewera amatsegula njira, ndipo ana amaphunzira msanga kuposa makolo awo. Koma kusekedwa tsiku ndi tsiku chifukwa cha kalankhulidwe, kapena kutchedwa maina onyoza anthu ochokera kunja, ndi nkhanza. Musamuuze kuti angopirira. Kanenezeni kusukulu, ndipo lembani masiku amene zachitika.

Anzake akale

Musamulekanitse nawo. Kulankhula nawo pa foni kapena pa WhatsApp kumamutonthoza pamene akuzolowera. Vuto limabwera foni ikalowa m'malo mwa anthu a pamalopo kapena ikayamba kudya tulo. Mwana wa zaka 13 mpaka 18 amafunika kugona maola 8 mpaka 10. Gwirizanani nthawi yoisiya usiku.

Pomufunsa, pewani funso lakuti, "Wapeza anzako?" Limamveka ngati mayeso. Funsani kuti anakhala ndi ndani podya, kapena chinamuseketsa n'chiyani lero. Ana ambiri amalankhula bwino poyenda kapena potsuka mbale kusiyana ndi pamene mwawakhazika pansi n'kuwayang'ana m'maso.

Nthawi yofuna thandizo

Mwana wosungulumwa amalandira aliyense womumwetulira. Khalani tcheru ngati anzake atsopano ndi aakulu kwambiri kuposa iye, ngati akubwera ndi ndalama kapena mphatso zosadziwika kochokera, kapena ngati akununkha mowa kapena chamba.

Bungwe la World Health Organization limanena kuti mmodzi mwa achinyamata 7 alionse a zaka 10 mpaka 19 ali ndi vuto la maganizo. Pitani naye kuchipatala kapena kwa mlangizi wa kusukulu ngati kwa milungu iwiri kapena kuposerapo akukhala wachisoni kapena wokwiya pafupifupi tsiku lililonse, wasiya zimene ankakonda, sakudya kapena kugona bwino, kapena akukana sukulu podandaula mutu ndi m'mimba. Akanena zofuna kufa kapena akadzivulaza, musamusiye yekha, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ku Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa, inu kapena mwanayo mungaimbe kwaulere nambala ya 116, yothandiza ana.