Chombo Chimene Chinakocheza pa Utale

Alembi a nthano za sayansi ali ndi nkhani ina imene amakonda kuibwereza. Akuti anthu amanga chombo chachikulu ngati tauni, alowamo, ayamba ulendo wopita ku nyenyezi ina. Koma kumeneko si pafupi ayi. Nyenyezi yoyandikana kwambiri ndi dzuwa lathu, Proxima Centauri, ili patali kotero kuti chombo chothamanga ngati Voyager 1, chimene chinanyamuka mu 1977, chingathe zaka zoposa 70,000 chili m'njira. Choncho oyamba ulendo amafera m'njira, ana awo nawonso, ndipo odzafika ndi zidzukulutudzi zimene palibe anazifunsa ngati zikuufuna ulendowo.

Pafupifupi nthano zonsezi zimathera ku mpatuko. M'buku la Robert Heinlein, Orphans of the Sky, limene linayamba kutuluka m'magazini mu 1941, anthu aiwala kuti ali m'chombo. Kunachitika chipolowe kalekale, ndipo tsopano olungalunga amakhala mbali yawo, pamene obadwa opunduka athawira ku zipinda zam'mwamba kumene amasakidwa ngati nyama. Mu 2017 Rivers Solomon analemba An Unkindness of Ghosts: m'chombo chotchedwa Matilda akuda amakhala pansi n'kumalima, oyera amadyerera pamwamba, mpaka apansiwo atopa nazo.

Ena adzati izi n'zachizungu, ife zitikhudza pati? Ine ndikuti chombo chotere tili nacho konkuno. Okwera sitima yapamtunda pakati pa Blantyre ndi Balaka akudziwa dzina la Utale, dera limene linali m'boma la Machinga mpaka 1998 pamene Balaka anakhala boma palokha. Ansembe a chipani cha Montfort, amene anafika ku Nzama mu 1901, anatsegula mishoni pamenepa mu 1908. Pambuyo pake panabadwa mudzi wina umene anthu ambiri ankautchula monong'ona: mudzi wa odwala khate.

Utale sunali wokha. Kunali Mua, Malamulo ndi Likwenu, malo a mipingo yosiyanasiyana, ndipo kuchokera mu 1924 bungwe la ku Britain la BELRA linkalimbikitsa ntchito yotereyi m'maiko a atsamunda. Tinene zoona, ambiri sanachite kugwidwa ndi apolisi. Amene anawakankhira m'chombo ndife abale awo. Munthu akatuluka mawanga, zala n'kuyamba kuthothoka, ankamumangira kanyumba kumphepete kwa mudzi, mbale yake payokha, chikho chake pachokha. Amishoni ankapereka chakudya, pogona ndi jekeseni wowawa wa mafuta a mtengo wa chaulmoogra, amene kuchiza kwake kunali kokayikitsa. Sindikuwanyoza ayi. Anasambitsa zilonda zimene ife tinkazithawa. Koma wolowa kumeneko ankadziwa kuti mwina ulendo wake ndi wosabwerera.

Apa mpamene nthano ija ikufanana ndi mbiri. Malo otsekeka sachedwa kubala magulu. M'midzi yambiri ya akhate mu Africa muno munali malire pakati pa "oyera" ndi "odetsedwa", mawu otengedwa m'buku la Levitiko: ansembe, masisitere ndi antchito uku, odwala uko. Pakati pa odwala okhaokha panalinso otha kugwira khasu ndi opanda zala, okalamba pamalopo ndi obwera kumene. M'malo ambiri khanda linkachotsedwa kwa mayi wake kuti lisatenge matenda. Wolemba mbiri Megan Vaughan, m'buku lake la mu 1991 Curing Their Ills, anaonetsa kuti malo oterewa ankapatsa munthu dzina latsopano. Myao, Mngoni, Mlomwe, Msena, onse ankasanduka mtundu umodzi, akhate.

Ndipo kumene chitseko chinatsekedwa ndi lamulo, apaulendo anagalukira. Ku South Africa lamulo la mu 1891 linalola boma kutsekera odwala pa chilumba cha Robben Island, chomwe chija anadzamangako Nelson Mandela. Amuna kwaokha, akazi kwaokha, azungu ndi akuda m'zipinda zosiyana. Mu 1892 odwala motsogozedwa ndi Franz Jacobs anakana kumvera, nalemba madandaulo mpaka kwa Mfumukazi Victoria. Ku Japan mu 1936 odwala a pa chilumba cha Nagashima ananyanyala ntchito ndi chakudya, kufuna kudzilamulira okha. Kumeneko ambiri ankawatseka kuti asabereke, ndipo lamulo lowatsekera linathetsedwa mu 1996, dzulodzuloli. Mu 2001 khoti la ku Kumamoto linagamula kuti boma linawalakwira.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti mantha onsewa anali oposa msinkhu wa nthendayo. Gerhard Hansen wa ku Norway anapeza kachilombo kake mu 1873, kusonyeza kuti khate si ufiti kapena tsoka lakumtundu. Lero tikudziwa kuti anthu 95 mwa 100 alionse matupi awo amakagonjetsa okha kachilomboka. Mankhwala a dapsone anabwera m'zaka za m'ma 1940. Bungwe la LEPRA linayamba ntchito yake m'Malawi mu 1965, kumapereka mapiritsi kumidzi komweko m'malo mosonkhanitsa odwala pamodzi. Mu 1981 bungwe la WHO linavomereza kuphatikiza mankhwala angapo, amene amachiza munthu m'miyezi 6 kapena 12, ndipo woyamba kumwa safalitsanso matenda. Pofika 1994 dziko lathu linatsika pansi pa wodwala mmodzi mwa anthu 10,000 alionse. Atolankhani ena analemba ngati khate latheratu. Silinathe, odwala atsopano akupezekabe chaka ndi chaka.

Tsono chombo chinafika padooko. Nanga otsika ali kuti? Olemba nthano aja amadziwa kuti tsiku lovuta kwambiri ndi lofika, chifukwa wobadwira m'chombo sadziwa kwina, ndipo kumtunda kulibe womuchingamira. Ena ochira a pa Utale anabwerera kwawo. Ena anapeza munda wawo atagawana kale, mkazi atakwatiwa kwina, achibale akuyang'ana zala zoduka zija m'malo mwa kalata ya dokotala. Anabwerera ku Utale. Anakwatirana okhaokha, nabereka ana alunga, opanda banga ndi limodzi lomwe, ndipo anawo anaberekanso awo.

Mdzukulu wotere akafunsira mbeta kutali, akuchikazi amafunsa monga mwa mwambo wathu: kwanu n'kuti, ankhoswe anu ndani? Sanadwalepo khate, mwina sanaonepo n'komwe mudzi umene unapirikitsa agogo ake. Amayamba wameza malovu asanatchule dzina la kwawo.